Kudya Pamaso pa Mkamwini

Ndine msodzi. Sukulu ndinalekezera sitandade 6. Ndimakhala ku Chia, kwawo kwa mkazi wanga, pachikamwini. Ana atakula n'kuchoka, ine ndi iye tinkadyera mbale imodzi pakhonde. Anthu ankatiseka kuti tikuchita zachinyamata. Sitinkawamvera.

Ana tili nawo anayi. Wamkazi ndi mmodzi, womaliza. Anaphunzira, n'kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Nkhunga amene amagwira ntchito ya mu ofesi ku Dwangwa. Ali ndi galimoto. Ali ndi nyumba ya matailosi. Amavala wotchi yaikulu, ndipo ukamamulankhula amayang'ana wotchiyo.

Chaka chimenecho mwana wathuyo anali ndi pakati, mimba yoyamba, miyezi isanu ndi iwiri. Mkazi wanga anayamba kukonzeka kalekale. Anagula zitenje zinayi. Anapeta mpunga, anasinja ufa wa kondowole, anasoka tizipewa tiwiri ta ulusi. Zonse anaziika m'chikwama chachikulu cha mizeremizere pansi pa bedi. Mwana wamkazi akamachira koyamba, mayi wake amakhala pomwepo. Ndiye amasambitsa khanda, ndiye amaphika m'chikuta. Amayi ake anamuchitira zimenezo. Nayenso ankadikira nthawi yake. Madzulo aliwonse ankatulutsa chikwamacho, kuona za m'kati, n'kuchibwezera.

Lachitatu lina ndikusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, foni inalira. Anali mwana wathuyo.

"Bambo, muli nokha?"

"Ndili ndekha."

"Amuna anga akuti Lamulungu tikadye ku loji kuja mumagulitsa nsomba. Tonse anayi. Tebulo limodzi."

"Amayi ako sangadye pamaso pa mkamwini. Ukudziwa."

"Ndikudziwa. Nkhani yake ndi yomweyo. Akuti m'nyumba mwawo safuna zobisalirana kuseri kwa zitseko, kumabwera anzawo a ku ofesi. Akuti amayi akalephera kudya nawo patebulo, kuno sabwera. Apeza wantchito."

Ndinaika ukonde pansi.

"Bambo, ine ndikuwafuna amayi. Ndikuopa. Muwakonze mtima."

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sadyera pamodzi. Akakumana panjira, mmodzi amapatuka. Si chidani, ndi ulemu. Njira yothetsera zimenezi ilipo. Mkamwini amatumiza nkhuku yamoyo kudzera kwa ankhoswe, apongozi n'kuilandira anthu akuona. Zikatero atha kudyera limodzi, palibe wowaloza chala. Ine ndinapereka yanga, tambala wofiira, nditakhala pamudzi zaka zisanu ndi zinayi. Mnyamata uyu ankazidziwa zonsezi. Amayi ake omwe amachita zomwezo ndi akamwini awo ku Nkhunga. Koma nkhuku sanatumize. Ankati ndi zachikale.

Mkazi wanga sindinamukonze mtima. Ndinamunamiza. Ndinati mkamwini angotinyamula pagalimoto, iye akadya kwina ndi anzake. Ndinkadziwa kuti ndikanena zoona sakwera. Ndinkati tikakafika, chakudya chili patsogolo, adya basi.

Lojiyo ili m'mbali mwa nyanja. Mwini wake ndi Mmwenye, ndipo zakudya zake ndi zachimwenye, zodula. Kumabwera mabwana a ku Lilongwe, azungu, ndi Amwenye anzake. Ine ndinali nditagulitsako chambo ndi kampango zaka zambiri. Ndinkalowera kuseri, pachipata chotulutsira zinyalala. Ndinkaidziwa sikelo yawo. Ndinkamudziwa galu wawo. Pakhomo lakutsogolo ndinali ndisanapondepo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, mkazi wanga anavala bulauzi yoyera ndi chitenje chatsopano, n'kumanga mpango. M'mawa sanadye kanthu, ngakhale tiyi.

"Ndisadzaze mimba," anatero. "Mwana wanga akandidyetsa zabwino."

Galimoto inatipeza pamsewu. Mkazi wanga anakhala kumbuyo kwenikweni kwa mkamwini, pakona, kuti asaoneke pagalasi. Anakokera mpango kumaso. Moni anapatsana kudzera mwa mwana wathu, monga mwa nthawi zonse.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Mlonda wa pachipata anachita sawatcha, kenako anandizindikira.

"Aa, madala! Lero opanda dengu?"

"Lero ndabwera kudzadya."

Anaseka mpaka kugwira chipata.

M'katimo munali mozizira ngati m'bandakucha wa mwezi wa Juni. Munkanunkhira lubani ndi anyezi wokazinga. Matebulo anali ndi nsalu zoyera, ndipo munthu mmodzi anali ndi matambula awiri, mafoloko awiri, mpeni ndi supuni. Amene anatilandira ndi weta wamkulu, bambo wa msinkhu wanga. Masiku ena ndiye amayeza nsomba zanga kuseri. Anandiyang'ana kamodzi n'kutiperekeza patebulo la pafupi ndi khoma.

Mkazi wanga anaima. Anayang'ana mipando.

"Bambo ake, wachinayiwu ndi wa ndani?"

"Khalani."

Anakhala. Mkamwini anakoka mpando woyang'anizana naye, n'kukhala, n'kuyala kansalu pamiyendo. Mkazi wanga anagwetsa maso pansi.

Mkamwini sanatifunse chimene tikufuna. Anaitanitsa yekha, m'Chingerezi. Pomaliza analoza mkazi wanga ndi cholembera cha weta, n'kuloza pena papepala la zakudya. Weta anayankha m'Chichewa, ndikuganiza kuti ankafuna ine ndimve.

"Bwana, chimenecho chimawawa kwambiri. Ngakhale Amwenye ena amachiopa."

"Anthu a kunyanja amadya kambuzi ngati mtedza. Bweretsa."

Ndinamva. Ndinayang'ana kumbali.

Poyamba kunabwera timikate topyapyala touma, tothetheka ngati tsamba la chimanga, ndi timbale ta zobiriwira ndi zofiira. Kenako kunabwera timiphika ta chitsulo. Wina munali nkhuku m'msuzi wamafuta, wachikasu mofiirira. Wina munali nsomba yoduladula, yopanda mutu, yopanda minga. Mwina inali chambo changa cha Lachisanu. Sindinachizindikire. Panali mpunga wautali ngati singano, ndi mikate yonga chapati koma yonenepa, yopaka batala. Patsogolo pa mkazi wanga anaikapo kamphika ka nyama ya mbuzi. Msuzi wake unali wofiira moderako. Fungo lake lokha linandiyetsemulitsa.

Mkamwini anapemphera mwachidule, maso ali otsegula. Anayamba kudya.

Mkazi wanga anasuntha mpando wake pang'onopang'ono, osachita phokoso, mpaka anayang'ana kukhoma. Anaika manja pamiyendo. Patapita nthawi analankhula ndi mwana wake, chapansipansi.

"Mwana wanga, uwauze bambowa andiikire m'mbale ndikadyere panja. Pa udzu paja pali mthunzi."

Mwana wathu anayang'ana mbale yake. Amene anayankha ndi mkamwini. Kanali koyamba kulankhula nawo apongozi ake mwachindunji.

"Amayi, kuno anthu amadyera patebulo. Pa udzu pamadyera apusi."

"Ndakhuta, bambo," anayankha mkazi wanga, akuuza khoma.

M'mimba mwake munalira. Tonse tinamva.

Nthawi yomweyo mwini loji ankazungulira m'matebulo kupereka moni. Ndi munthu wamkulu, wa imvi, wobadwira konkuno. Chichewa amachilankhula ngati ife. Anafika pathu.

"Madala! Lero mwalowera kutsogolo. Mwatilemekeza." Kenako anaona msana wa mkazi wanga. "Amayi sakudya? Chakudya chalakwika?"

"Ndi akumudzi, bwana," anatero mkamwini. "Akuopa foloko."

"Foloko ya chiyani? Ifenso timadya ndi manja." Analoza tebulo la pakona pamene banja lake linkadya. Zinali zoona. Mayi wokalamba ankakanya mpunga ndi zala, msuzi ukutsikira m'chikhatho. Palibe ankamuseka. Mwini lojiyo anandigwira paphewa n'kupitirira.

Iye sananene choipa. Koma chitseko cha kukhitchini chili ndi kawindo kozungulira, ndipo pakawindopo panali nkhope zitatu. Ophika. Anthu amene ndimakumana nawo ndi dengu pamutu. Ndinaona mano awo. Ndinadziwa zimene ndikamve Lolemba pasikelo. Madala anabweretsa mkazi wawo kudzayang'ana khoma.

Ndinaweramira kwa mkazi wanga.

"Tembenukani. Idyani."

"Bambo ake, si mwambo. Nkhuku sinabwere."

"Mukapanda kudya, ku Dwangwa simupita. Alemba wantchito. Chikwama chanu chija chiwolera pansi pa bedi."

Anatembenuza mutu, n'kundiyang'ana. Takhala zaka zoposa makumi atatu, koma maso amenewo ndinali ndisanawaonepo.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Idyani."

Sanasunthe. Ndinaimirira, ndinagwira mpando wake iye ali pomwepo, n'kuutembenuza ndi mphamvu ngati ndikukokera bwato kumtunda. Miyendo ya mpando inalira pamatailosi. Chipinda chonse chinacheuka. Mzungu wina anasiya supuni m'malere.

Mkazi wanga anayang'ana mwana wake. Mwanayo misozi inali ikutsika, dzanja lili pamimba.

"Amayi, chonde."

Basi. Mkazi wanga anapempha madzi osamba m'manja. Weta anabweretsa kabeseni ndi kathawulo. Anasamba nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi. Anakankhira foloko pambali. Anatapa mpunga, anasunsa mumsuzi wofiira uja, n'kuika m'kamwa, mkamwini akumuyang'ana pakamwa pomwepo.

Nthongo yoyamba anameza. Yachiwiri anatsokomola. Thukuta linatuluka pamphumi n'kunyowetsa mpango. Misozi inatsika. Mamina anatsika. Anapukuta ndi nsonga ya chitenje n'kutapanso. Milomo inatupa. Anatambasula dzanja kuti atenge madzi, mkamwini n'kusuntha jagi.

"Madzi amawonjezera ukali, amayi. Malizani kaye."

Weta anabwera ndi kapu ya chambiko chozizira, n'kuiika pafupi ndi dzanja la mkazi wanga.

"Waitanitsa zimenezo ndani?" anafunsa mkamwini.

"Ndi za nyumba ino, bwana. Timapereka kwa aliyense."

Anaisiya pomwepo n'kuchoka. Mkazi wanga sanaikhudze. Sindikudziwa chifukwa chake. Anapitiriza kudya, nyama imodziimodzi, osayang'ana munthu.

Mkamwini anatulutsa foni. Anailozetsa kwa mkazi wanga n'kuyamba kujambula kanema.

"Tiwatumizire amayi ku Nkhunga aone kuti dziko lasintha. Amayi, tayang'anani kuno. Mwetulirani pang'ono."

Mkamwini anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndalemba zimenezi chifukwa zinachitika. Iye anaseka, ine n'kumuthandiza, poganiza kuti akasangalala nkhani itha bwino.

Chinanso ndi ichi. Ine ndinadya bwino. Nkhuku ija inali yofewa, msuzi wake wokoma ngati muli mkaka ndi mtedza. Mikate ija ndinadya itatu. Ndinapukuta kamphika ndi chidutswa chomaliza. Chakudya chokoma chotero sindinadyeponso. Ndinkadya mkazi wanga akutsamwa pambali panga.

Anamaliza zonse. M'kamphika munatsala fupa limodzi ndi tsamba. Anasamba m'manja, anaimirira, n'kufunsa mwana wake kumene kuli chimbudzi. Anapita awiri. Anakhalitsa.

Kunabwera timipira totsekemera tosambira m'madzi a shuga. Mkamwini anadya take ndi ta mkazi wake. Ine ndinadya tanga ndi ta mkazi wanga.

"Ndiye abwere liti ku Dwangwa?" ndinafunsa.

Mkamwini ankatokosa m'mano ndi kamtengo. Anayang'ana wotchi.

"Ndiganizira, bambo."

Pobwerera mkazi wanga anakhala pamalo pomwe paja, koma mpango sanaukokerenso kumaso. Anangoyang'ana kutsogolo. Bulauzi yoyera ija inali ndi dontho lofiira pachifuwa. M'galimoto munkangomveka wailesi.

Anatitsitsa pamsewu, pamene pamayambira kanjira ka kwathu. Titatsika, mkamwini anatsitsa galasi, n'kundikodola.

"Bambo, ndaona kuti zakudya zathu siziwayanja amayi. Mwaona nokha mmene amavutikira. Kwathu timadya zotere kawirikawiri. Ndi bwino akhale konkuno apume. Tipeza wantchito."

Analankhula mokweza. Mkazi wanga anali pafupi, anamva. Galasi linakwera. Mwana wathu anaika chikhatho pawindo, galimoto n'kunyamuka.

Kuchoka pamsewu kufika kwathu ndi mtunda ndithu, kudutsa m'minda ya chinangwa. Nthawi zonse ine ndimatsogola. Tsikulo anatsogola mkazi wanga. Anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Pakati panjira anapatukira m'chinangwa, ndinamva akusanza. Ndinadikira. Anatuluka, anapukuta pakamwa, n'kupitiriza.

Kanema uja anafika m'mudzi Lachiwiri lisanathe. Mlongo wake wa mkamwini anatumizira mnzake, mnzakeyo n'kutumizira wina wa konkuno ku Chia. Amayi a m'mudzi anaonera pamjigo, ndowa zikusefukira. Ana anayamba kutsanzira kutsokomola kwake. Mayi wina woyandikana nafe, amene sagwirizana ndi mkazi wanga chifukwa cha malire a dimba, anafuula kudutsa mpanda.

"Anzathu a kuhotela, mwadzuka bwanji? Akamwini akhuta?"

Mkazi wanga analeka kupita kumjigo m'mawa. Ankapita masana, dzuwa likuswa mtengo, kulibe anthu.

Lachisanu m'mawa ndikukonzeka kupita kunyanja, ndinamupeza pakhomo atagwira nkhuku yathu ya mawangamawanga. Anali ataimanga miyendo ndi luzi. Anaiika m'thumba n'kundipatsa. Aka kanali koyamba kundilankhula chichokere ku loji.

"Pitani nayo kwa ankhoswe. Mukanene kuti yachokera ku Dwangwa. Inachedwa panjira."

"Limenelo ndi bodza."

"Mabodza mumawatha."

Ndinalandira thumba.

"Khola ladzaza nkhuku," anatero. "Mukanaganiza zimenezi Lachitatu lija foni italira, ndikanadya ndili munthu."

Zoona, sindinaganize. Masiku anayi onse ndinkaganiza za mmene ndimukwezere galimoto. Za nkhuku sizinandibwerere.

Ndinadzera njira ya kuseri, m'mabango. Nkhoswe ya mwana wathu ndi mlongo wake wa mkazi wanga, mlamu wanga. Anatsegula thumba, anayang'ana nkhuku, anayang'ana ine. Amabwera kwathu sabata iliyonse, nkhuku zathu amazidziwa. Sanafunse.

Chakumasana anabwera ndi amayi atatu a m'mudzi, mmodzi mwa iwo woyandikana nafe uja. Tinayala mphasa pabwalo. Mlamu wanga analankhula mawu ake bwinobwino. Anati mkamwini wapepesa, nkhuku anaitumiza kale koma amene anapatsidwa anaiwala. Anati kuyambira tsiku limene inanyamuka, apongozi ndi mkamwini ndi mayi ndi mwana. Mkazi wanga anagwada. Analandira nkhuku yake yomwe ndi manja awiri, n'kuthokoza. Mayi mmodzi analuluta pang'ono.

Chotsala chinali kuipha kuti anthu adye, nkhani ithe. Anandipatsa ine. Ndinatenga mpeni. Ine ndazolowera nsomba, nsomba ikafika m'manja sithawa. Ndinadula luzi la kumiyendo ndisanaponde mapiko. Nkhuku inandimenya kumaso n'kupulumuka.

Nkhuku yachilendo ikamasuka imazungulira, imasowa kolowera, zinzake zimaijompha. Iyi sinacheuke n'komwe. Inadutsa pakati pa zinzake, palibe inaikhudza. Inazungulira kuseri kwa khitchini, inadumphira m'dengu lothyoka limene imaikiramo mazira, n'kukhala phee.

Tonse tinaona. Kenako woyandikana nafe uja anaomba m'manja kamodzi.

"Koma nkhuku za ku Dwangwa n'zophunzira. Yangofika lero, poikira mazira yapadziwa kale."

Amayi enawo anabisa pakamwa ndi zitenje. Mlamu wanga anaimirira, anavala chipewa, n'kumapita osatsanzika. Mkazi wanga anali chigwadire. Anadzuka, anapinda mphasa anthu asanamalize kuchokapo, n'kulowa m'nyumba.

Mwana anabadwa mvula itayamba. Wamkazi. Tinamva pafoni, uthenga ndi chithunzi. Pachithunzipo khanda linali m'manja mwa mtsikana wina wovala yunifomu ya buluu, amene sitikumudziwa. Ndinapatsa mkazi wanga foni. Anayang'ana nthawi yaitali, anakulitsa nkhope ya khandalo ndi zala, n'kundibwezera. Mwana wathu amaimba mwamuna wake akapita kuntchito. Amalankhula ndi amayi ake motsitsa mawu. Ine sandifunsa.

Chikwama chija chinakhala pansi pa bedi mpaka mpunga unagwa anankafumbwe. Ndinautulutsa ine n'kuthirira nkhuku. Zitenje ndi tizipewa zikadali momwemo.

Ku loji ndimapitabe, kuseri. Ophika anaseka sabata imodzi n'kuiwala. Weta uja amayeza nsomba zanga, amandiuza kulemera kwake, basi. Moni analeka kundipatsa.

Mkazi wanga amandiphikira monga kale. Amandithirira madzi osamba m'manja, amaika chakudya pakhonde, amavundukula mbale. Kenako amatenga yake n'kupita kuseri kwa khitchini. Tsiku lina ndinamutsatira. Ndinamupeza atakhala pansi, atayang'ana kukhoma. Atamva mapazi anga anaphimba mbale ndi dzanja n'kusiya kutafuna, mpaka ndinachoka.

Ndinapita kwa mlamu wanga. Ndinamufunsa ngati pali nkhuku imene mwamuna amapereka kuti adyenso ndi mkazi wake. Anati kulibe.